Momwe mungayerekezere ma router a netiweki yodukaduka pa ONE simulator

Ambiri amene amayamba kafukufuku wa netiweki yodalira kukumana kwa zipangizo amagwa pa malo amodzi. Amatsegula ONE, pulogalamu yoyeserera netiweki pa kompyuta, naona timadontho tikuyendayenda pa mapu, natenga nambala imodzi ya m'lipoti n'kulemba kuti router yakutiyakuti, kutanthauza njira yosankhira woti apatsiridwe uthenga, ndiye yabwino. Akafunsidwa kuti mapuwo ndi a kuti, kapena chifukwa chiyani uthenga ukufa pakatha maola 5, yankho palibe. Mapuwo amakhala a Helsinki, ndipo maola 5 aja anawapeza atalembedwa kale.

Netiweki imene tikunenayi ndi ija yopanda njira yokhazikika pakati pa wotumiza ndi wolandira. Foni imasunga uthenga, imayenda nawo m'thumba la mwini wake, ndipo ikayandikana ndi ina imaupatsira. DakNet inkachita zimenezi ndi mabasi m'midzi ya ku India, ZebraNet ndi mbidzi ku Kenya. Ife tigwiritsa ntchito ONE, pulogalamu ya Java imene Ari Keränen, Jörg Ott ndi Teemu Kärkkäinen anaifotokoza mu 2009 ali pa Helsinki University of Technology. Chitsanzo chathu chikhala cha uthenga wochokera kwa anthu a m'midzi kupita ku chipatala chimodzi, wonyamulidwa ndi oyenda pansi, akabaza ndi maminibasi.

## Zimene mufunika kukhala nazo

- Kompyuta ya Windows, Linux kapena Mac. Laputopu wamba ikwanira.
- JDK ya Java, osati JRE yokha, chifukwa mufunika `javac`.
- ONE yeniyeniyo, yopezeka pa GitHub pansi pa dzina la `akeranen/the-one`.
- Pulogalamu yolembera mawu wamba, monga Notepad++ kapena VS Code. Word ayi.
- QGIS kapena OpenJUMP, ngati mukufuna mapu a kwanu.
- Excel, LibreOffice Calc kapena Python yowerengera zotsatira.
- Kope ndi cholembera. Chilichonse chimene mwasintha muzichilemba ndi tsiku lake.

Intaneti ifunika pokopera zinthuzi ndi mapu a dera lanu basi. Zotsalazo zimatheka popanda bando.

## Sitepe 1: Konzani pulogalamu iyambe kuyenda

Tsegulani terminal, lembani `javac -version`. Ikayankha ndi nambala, lowani mu foda ya ONE n'kuyendetsa `compile.bat` pa Windows kapena `./compile.sh` pa Linux ndi Mac. Kenako `one.bat` kapena `./one.sh`. Pawonekera mapu ndi zipangizo zili chiimire. Dinani batani loyambitsira.

Chenjezo: kompyuta ikadandaula za `-extdirs`, vuto ndi loti Java yanu ndi yatsopano kuposa fayilo yokonzerayo. Ikani JDK 8, kapena tsegulani fayiloyo muchotse `-extdirs lib/` n'kuikapo `-cp "lib/*"`. Ikadzakanika pakati pa ntchito ndi mawu oti `OutOfMemoryError`, tsegulani `one.sh` kapena `one.bat` mukweze nambala yotsatira `-Xmx`, mwachitsanzo `-Xmx2G`.

## Sitepe 2: Werengani default_settings.txt mzere ndi mzere

Sitepe imeneyi ndi imene anthu amailumpha, ndipo ndi imene imawabwezera m'mbuyo miyezi ingapo. Fayiloyi ikufotokoza dera la mamita 4500 kwa 3400 pakati pa mzinda wa Helsinki, kwa masekondi 43200, amene ndi maola 12. Muli zipangizo 126: magulu awiri a oyenda pansi a anthu 40 lililonse, magalimoto 40, ndi sitima za m'misewu 6 zotchedwa tram. Pafupifupi chipangizo chilichonse chimamva chinzake pa mtunda wa mamita 10 okha, ndipo uthenga watsopano umabadwa masekondi 25 mpaka 35 aliwonse, wolemera 500k mpaka 1M.

Tengani cholembera muwerengere nokha. Uthenga umodzi pa masekondi pafupifupi 30 kwa maola 12 ndi mauthenga pafupifupi 1440. Woyenda pansi ali ndi mosungira mwa 5M, ndiye kuti mumalowa mauthenga 6 kapena 7 okha. Choncho router ya Epidemic ikapereka zotsatira zofooka pa makonzedwe amenewa, musathamangire kunena kuti ndi yoipa. Mwaiika m'nkhokwe yaing'ono pomwe khalidwe lake ndi lopatsa aliyense kope la chilichonse.

Chenjezo la miyezo: nthawi zambiri mufayiloyi ndi masekondi, koma `msgTtl` ndi mphindi. `Group.msgTtl = 300` ndi maola 5, osati mphindi 5. Nayo `transmitSpeed` imawerengedwa m'ma byte pa sekondi, ndiye `250k` ndi 2 Mbps. Liwiro la kuyenda lili m'mamita pa sekondi: minibasi yothamanga makilomita 50 pa ola ndi 13.9.

## Sitepe 3: Pangani fayilo yanu, koma dziwani chimene chimatsalira pansi

Pangani fayilo yatsopano, tinene `mudzi.txt`, ndipo muziyendetsa motere: `./one.sh mudzi.txt`. Apa pali msampha umene sudziwonetsa. ONE imayamba yawerenga `default_settings.txt` nthawi zonse, kenako n'kuika zanu pamwamba. Chimene simunachitchule chimakhalabe cha ku Helsinki. Komanso mzere wa gulu lotchulidwa ndi nambala, monga `Group2.speed`, umapambana mzere wa onse, `Group.speed`.

Tanthauzo lake ndi ili: mukanena kuti gulu lachiwiri ndi akabaza koma osalemba `Group2.speed`, njinga zanu zizithamanga pakati pa 2.7 ndi 13.9, liwiro la magalimoto. Gulu lachinayi likhala ndi zipangizo ziwiri, mosungira mwa 50M ndi njira ya tram, ngakhale inu mukuganiza kuti ndi chipatala. Ine ndimasunga kope la fayilo yoyambirira pambali, n'kufufuta mizere yonse ya `Group1` mpaka `Group6` m'fayilo imene pulogalamu imawerenga. Mukatero palibe chobisala.

Magulu athu alembedwe chonchi:

```
Scenario.nrofHostGroups = 4
Group.bufferSize = 50M
Group.msgTtl = 2880
Group.nrofInterfaces = 1
Group.interface1 = wifi
wifi.type = SimpleBroadcastInterface
wifi.transmitSpeed = 1M
wifi.transmitRange = 50

Group1.groupID = p
Group1.nrofHosts = 30
Group1.movementModel = ShortestPathMapBasedMovement
Group1.speed = 0.5, 1.5
Group1.waitTime = 600, 7200

Group2.groupID = k
Group2.nrofHosts = 10
Group2.movementModel = ShortestPathMapBasedMovement
Group2.speed = 2, 5
Group2.waitTime = 120, 1800

Group3.groupID = b
Group3.nrofHosts = 4
Group3.movementModel = MapRouteMovement
Group3.routeFile = data/minibasi.wkt
Group3.routeType = 2
Group3.speed = 8, 14
Group3.waitTime = 60, 900

Group4.groupID = h
Group4.nrofHosts = 1
Group4.movementModel = StationaryMovement
Group4.nodeLocation = 1200, 800
```

Manambalawa ndi oyambira chabe, ndipo nambala iliyonse mudzafunika kuiikira kumbuyo. `routeType = 2` ndi kupita n'kubwerera njira yomweyo, monga imachitira minibasi; 1 ndi kuzungulira. `waitTime` ya minibasi musailembe mongoganiza muli pa desiki. Pitani pa siteji ndi wotchi tsiku limodzi, muone nthawi imene minibasi imaima podikira kudzaza. Kuima kumeneko ndi kumene kumapatsa mafoni mpata wopatsirana uthenga, ndipo kumatha kusintha zotsatira kuposa kusintha router.

Onani chifukwa chake. Galimoto yothamanga mamita 10 pa sekondi ikadutsa munthu woima, mtunda womvana uli mamita 10, imakhala naye masekondi 2 basi. Pa 250k ndiye kuti padutsa 500k, ndipo uthenga wa 800k udukira panjira. ONE siisunga chidutswa. Uthenga wodukawo umawerengedwa mu `aborted` ndipo uyenera kuyambiranso.

Chenjezo: ndemanga yoyamba ndi `#` ikhale pa mzere wakewake. Mukaiika kumapeto kwa mzere wa nambala, pulogalamu iiwerenga ngati gawo la nambalayo. Polemba njira ya fayilo gwiritsani ntchito `/` ngakhale pa Windows.

## Sitepe 4: Lowetsani mapu a dera lanu

ONE imawerenga misewu m'mafayilo a WKT, momwe msewu uliwonse ndi `LINESTRING`. Tengani dera lanu pa OpenStreetMap, mulitsegule mu QGIS, musiye misewu ndi tinjira tokha.

Kenako sinthani miyezo. OpenStreetMap imapereka madigiri, pomwe ONE imaona nambala iliyonse ngati mita. Mukaiwala, boma lonse likhala kadontho kosakwana mita imodzi, zipangizo zonse zizimvana nthawi zonse, ndipo router iliyonse ifikitsa pafupifupi uthenga wonse. Ku Malawi sankhani UTM zone 36S, imene mu QGIS ndi EPSG:32736. Mukatero lembani:

```
MapBasedMovement.nrofMapFiles = 1
MapBasedMovement.mapFile1 = data/misewu.wkt
MovementModel.worldSize = 20000, 15000
```

`worldSize` ikhale yaikulu kuposa mapu, apo ayi pulogalamu ikana kuyamba.

Chenjezo lalikulu: mapu onse ayenera kulumikizana. Kanjira kamodzi kakangokhala kokhakokha, muona mawu oti mapu si olumikizana kwathunthu. Misewu iwiri yodutsana pa chithunzi siinalumikizane pokhapokha ili ndi mfundo imodzi yofanana ndendende pa mphambanopo. Ntchito yolumikiza ndi kufufuta tizidutswa imadya masiku, ndipo palibe njira yachidule yodalirika. Yambani ndi dera laling'ono. Malo oimapo minibasi mu `minibasi.wkt` nawo akhale mfundo zimene zili kale m'mapu a misewu.

China: ONE imatembenuza mapu n'kuwasunthira pa ngodya, pomwe `nodeLocation` imafuna malo a pambuyo pa kusunthako. Pa x chotsani x wochepetsetsa wa mapu. Pa y tengani y wamkulu kwambiri wa mapu muchotsepo y wa chipatalacho. Mukatha yang'anani pa sikirini kuti `h` waimadi m'mbali mwa msewu wa minibasi, osati pakati pa munda.

Maminibasi sayenda usiku wonse. `Group3.activeTimes` imalandira masekondi oyambira ndi othera awiriawiri, ndiye mutha kuwagoneka madzulo n'kuwadzutsa m'mawa.

## Sitepe 5: Nenani wotumiza ndi wolandira

Zipangizo zimapatsidwa manambala kuyambira 0 motsatira magulu. Kwathu oyenda pansi ndi 0 mpaka 29, akabaza 30 mpaka 39, maminibasi 40 mpaka 43, chipatala 44.

```
Events.nrof = 1
Events1.class = MessageEventGenerator
Events1.interval = 600, 1200
Events1.size = 10k, 100k
Events1.hosts = 0, 30
Events1.tohosts = 44, 45
Events1.time = 0, 432000
Scenario.endTime = 604800
```

Nambala yachiwiri ya `hosts` ndi `tohosts` siiwerengedwa, n'chifukwa chake talemba 30 ndi 45. Taonaninso kuti uthenga ukusiya kubadwa pa tsiku lachisanu pomwe kuyeserera kukutha pa tsiku lachisanu ndi chiwiri. Masiku awiri otsalawo ndi ofanana ndi `msgTtl` yathu ya mphindi 2880. Popanda mpata umenewu, uthenga wobadwa m'maola omaliza umawerengedwa ngati wolephera pomwe sunapatsidwe nthawi yoyenda.

Sabata yathunthu pa `updateInterval` ya 0.1, imene ndi masekondi a sitepe iliyonse ya kuyeserera, ndi masitepe oposa 6 miliyoni. Mutha kuikweza kufika 1 kuti ntchito ifulumire, malinga mtunda womvana uli mamita 50 monga pano. Pa mamita 10 musayese, minibasi izilumpha anthu osawaona.

## Sitepe 6: Sankhani ma router ndipo muwakonze mwachilungamo

Yambani ndi anayi. `DirectDeliveryRouter` siipatsira wina aliyense kupatula mwini uthenga; ndiyo muyeso wapansi, ndipo router imene siikuiposa ilibe ntchito. `EpidemicRouter`, yochokera ku ntchito ya Vahdat ndi Becker ya 2000, imapatsa aliyense. `SprayAndWaitRouter`, ya Spyropoulos, Psounis ndi Raghavendra ya 2005, imayamba ndi makope owerengeka, 6 m'makonzedwe oyambirira, n'kumagawa theka kwa amene yakumana naye mpaka litatsala limodzi loyembekezera mwini wake. `ProphetRouter`, ya Lindgren, Doria ndi Schelén, imasunga mbiri ya amene amakumana kawirikawiri n'kupatsira amene akuoneka kuti akafika.

PRoPHET ndi imene imalakwiridwa kwambiri. Chikhulupiriro chake pa chipangizo china chimachepa pochulukitsidwa ndi 0.98 pa gawo lililonse la nthawi, ndipo `ProphetRouter.secondsInTimeUnit` imabwera ili 30. Pa ola limodzi ndi magawo 120, ndiye chikhulupiriro chimatsika kufika pafupifupi 9 pa 100 ya pomwe chinali. Mumzinda momwe tram imabwera pafupipafupi zimenezi n'zomveka. Kumudzi komwe minibasi imaoneka kawiri pa tsiku, PRoPHET imakhala itaiwala zonse isanabwerenso. Mukaika 3600, pakatha tsiku chimatsala pafupifupi 62 pa 100. Yesani manambala angapo, ndipo chimodzimodzi ndi `SprayAndWaitRouter.nrofCopies`: makope 6 pa zipangizo 126 si chimodzi ndi makope 6 pa zipangizo 45. Kukonza bwino router yanu yokha n'kusiya zinazo momwe munazipezera ndi kunamiza owerenga, ngakhale simunafune kutero.

## Sitepe 7: Yendetsani kambirimbiri, osati kamodzi

```
Scenario.name = mudzi_%%Group.router%%_%%MovementModel.rngSeed%%
Group.router = [DirectDeliveryRouter; EpidemicRouter; SprayAndWaitRouter; ProphetRouter]
MovementModel.rngSeed = [1; 2; 3; 4; 5]
Events1.prefix = [A; B; C; D; E]
Report.nrofReports = 2
Report.report1 = MessageStatsReport
Report.report2 = ContactTimesReport
Report.reportDir = reports/
```

Kenako `./one.sh -b 20 mudzi.txt`. Chilembo `-b` chimazimitsa chithunzi, ndipo ntchito imathamanga kwambiri. Magetsi akathima muli pa ulendo wa 12, pitirizani ndi `-b 12:20`.

Mindandanda ya m'mabulaketi imayenda limodzi, iliyonse ikatha n'kuyambiranso. Ma router 4 ndi ma seed 5 (manambala a `rngSeed` amene amasankha mayendedwe a ulendo uliwonse) amakumana onse m'maulendo 20 chifukwa palibe nambala yoposa 1 yogawa 4 ndi 5 yonse. Mukaika ma router 4 ndi ma seed 4, Epidemic izikumana ndi seed 2 yokha mpaka kalekale, ndipo muziyerekeza ma router pa mayendedwe osiyana.

Chenjezo: `rngSeed` imasintha mayendedwe okha. Amene akutumiza uthenga, nthawi yake ndi kukula kwake zimachokera ku `prefix`, n'chifukwa chake nayo taipatsa mndandanda. Ndipo dzina la lipoti limachokera ku `Scenario.name`, likakhala limodzi, ulendo uliwonse ufufuta lipoti la unzake, m'mawa mudzapeza fayilo imodzi. Onjezaninso `Settings.output = reports/makonzedwe.txt` kuti muone zimene pulogalamu yawerengadi.

## Sitepe 8: Werengani lipoti

Yambani ndi `ContactTimesReport`, musanayang'ane router iliyonse. Ngati kukumana kuli kochepa kwambiri kapena kwa masekondi awiriawiri, bwererani ku Sitepe 3 ndi 4.

Mu `MessageStatsReport`, `delivery_prob` ndi `delivered` kugawa ndi `created`. `overhead_ratio` ndi `relayed` kuchotsa `delivered`, kugawa ndi `delivered`: makope angati anayenda pa uthenga umodzi wofika, zimene pa foni yeniyeni ndi batire. `dropped` imawerenga makope, osati mauthenga, ndiye musadabwe ikaposa `created`. Muli otayidwa chifukwa mosungira mwadzaza ndiponso otha nthawi.

`latency_avg` ndi imene imapusitsa. Imawerengedwa pa uthenga wofika wokha. Router yofikitsa mauthenga apafupi okha n'kutaya onse ovuta ioneka yachangu kuposa imene yavutika kufikitsa a kumidzi yakutali. Musaionetse payokha popanda `delivery_prob` pambali, ndipo onaninso `latency_med`. Pa router iliyonse tengani avereji ya maulendo 5 aja pamodzi ndi kusiyana kwake. Ngati kusiyana pakati pa ma seed kukuposa kusiyana pakati pa ma router awiri, simunapeze wopambana. Onjezani ma seed, kapena nenani mosabisa kuti akufanana.

## Sitepe 9: Yesaninso pa kukumana kwa anthu enieni

Mayendedwe opangidwa ndi kompyuta alibe tsiku la msika, maliro kapena mvula. N'chifukwa chake ndi bwino kubwereza kuyesaku pa zolembedwa za kukumana kwenikweni, monga za Haggle zimene zinatoledwa pa misonkhano ya Infocom ya 2005 ndi 2006, kapena Reality Mining ya ku yunivesite ya MIT ya mafoni pafupifupi 100 mu 2004 ndi 2005. Zisandutseni mizere yonga `120 CONN 3 17 up` ndi `185 CONN 3 17 down`, yosanjidwa motsatira nthawi, muiloze ndi `Events2.filePath`, mukweze `Events.nrof` kufika 2, ndipo muike `Scenario.simulateConnections = false`. Zipangizo zonse zikhale pa `StationaryMovement`. Kumbukirani polemba kuti amenewa ndi anthu a pa msonkhano mu hotelo ndi a pa yunivesite ya ku America. Akuthandizani kuona ngati router yanu ikupirira, koma sakuimira mudzi.

## Zolakwika zofala

Kufunsa ONE za wailesi. `SimpleBroadcastInterface` imaona bwalo loyera: mkati mwake liwiro lonse, kunja kwake zii. Mulibe khoma, mtengo kapena phiri. Ngati funso lanu ndi la kusokonezana kwa mafunde kapena momwe Wi-Fi imagawira mpata, pitani ku mapulogalamu ena oyeserera netiweki: ns-3, kapena OMNeT++ imene ili ndi OPS ya ku University of Bremen yopangidwira netiweki zamtundu uno. Ngati muli ndi zolembedwa za kukumana zokha ndipo mukufuna liwiro, yang'anani pulogalamu ya Adyton.

Kugwiritsa ntchito `RandomWaypoint`, mayendedwe achisawawa osatsata misewu, chifukwa mapu avuta. Pamenepo aliyense amakumana ndi aliyense mofanana, ndiye PRoPHET ilibe choti iphunzire, ndipo zotsatira zimakondera Spray and Wait.

Kusintha zinthu ziwiri nthawi imodzi. Mukakweza `bufferSize` n'kutalikitsanso `msgTtl`, simudziwa chimene chathandiza.

Kusokoneza ma warmup awiri. `MovementModel.warmup` imayendetsa zipangizo kuti zimwazikane nthawi isanayambe kuwerengedwa. `Report.warmup` imauza lipoti kuti lisawerenge uthenga wobadwa koyambirira. PRoPHET ndi router ina yotchedwa MaxProp zimafuna yachiwiriyi, chifukwa zimayamba zisakudziwa aliyense. Pa chitsanzo chathu ipatseni tsiku lathunthu, 86400.

Kulemba router yanu n'kuiwala `replicate()`, gawo limene limapangira chipangizo chilichonse kope la router. Mukakopera `EpidemicRouter.java` kuti muyambirepo, sinthani dzina m'malo onse, makamaka mu `replicate()`. Router yanu ikakhala yochokera ku `EpidemicRouter` kudzera mu `extends`, ndipo `replicate()` n'kutsala ikubweza `EpidemicRouter`, zipangizo zonse ziyendera router yakaleyo, ndipo manambala anu afanana ndi a Epidemic mpaka kadontho komaliza. Mukasintha fayilo iliyonse ya Java, yendetsaninso `compile` musanayese.